Ku Sanaa ndalama yong'ambika ndiyo yamphamvu

Mumzinda wa Sanaa ku Yemen, munthu akatulutsa ndalama yapepala yatsopano yochokera ku Aden, mzinda wa kum'mwera kwa dzikolo, wamalonda amaikana. Imene amalandira ndi yakale ija, yothimbirira, yofewa ngati kansanza, yomatidwa ndi selotepu pamene idang'ambika. Ndipo kansanza kameneko kamagula zinthu zambiri kuposa pepala latsopano la ku Aden, ngakhale onse alembedwa nambala yofanana.

Gwero lake ndi nkhondo. Gulu loukira boma la Houthi lidalanda Sanaa, likulu la dzikolo lomwe lili kumpoto, mu Seputembala 2014, ndipo mu Malichi 2015 Saudi Arabia ndi maiko anzake adalowererapo ndi ndege zankhondo. Mu Seputembala 2016 Pulezidenti Abd-Rabbu Mansour Hadi adalamula kuti banki yaikulu isamukire ku Aden, koma ya ku Sanaa idapitirizabe kugwira ntchito m'manja mwa a Houthi.

Boma la Hadi la ku Aden linkasowa zolipira antchito ake, choncho lidasindikizitsa ndalama zatsopano ku Russia, zomwe zidayamba kufika mu 2017. Zidachuluka zedi, mphamvu ya riyal, ndalama ya ku Yemen, n'kugwa. Mu Disembala 2019 a Houthi adaletsa ndalama zatsopanozo m'madera awo, n'kupatsa anthu masiku 30 kuti azipereke. Kuchokera pamenepo kumpoto kudatsala mapepala osindikizidwa kale okhaokha.

Popeza mapepala akalewo sankaonjezeka, mtengo wake udakhazikika. Nkhondo isanayambe dola imodzi inali pafupifupi ma riyal 215. Pofika kumapeto kwa 2024, ku Sanaa dola inali cha m'ma 530, pamene ku Aden idadutsa 2,000. A Houthi amanyadira zimenezi, koma ine chimene chimandiwawa ndi mnyamata wogwira ntchito ku Aden amene akutumizira mayi ake ku Sanaa. Thukuta la mwezi wonse likafika kumpoto limakhala litachepa kwambiri, osintha ndalama n'kudyaponso yawo.

Pepala nalo limatopa. La 100 riyal, limene limayenda kwambiri m'maminibasi ndi kwa ogulitsa buledi, lidafika poperepeseka moti anthu ankakangana pa chenji, wina akukana kulandira, mnzake akuti alibe lina. M'dziko lamtendere banki yaikulu imatolera mapepala otere n'kuwaononga. Ku Sanaa kunalibe olowa m'malo mwake, ndiye ankangomatidwa n'kubwereranso kumsika.

Kumapeto kwa Malichi 2024 banki ya ku Sanaa idatulutsa ndalama yachitsulo ya 100 riyal, ponena kuti ikungolowa m'malo mwa mapepala otha ntchito. Banki ya ku Aden idati ndalamayo ndi yachinyengo, ndipo mu Meyi idapatsa anthu masiku 60 kuti abweze mapepala onse osindikizidwa chisanafike chaka cha 2016. Mkanganowo udaphwako mu Julaye, nthumwi ya United Nations Hans Grundberg italengeza kuti mbali ziwirizo zagwirizana kubweza zina mwa ziganizo zawo pa mabanki. Patatha chaka, mu Julaye 2025, Sanaa idatulutsanso yachitsulo ya 50 riyal ndi pepala latsopano la 200, ndipo Aden idazikananso.