Pa Windows ikufuula, pa Linux ikunong'ona: sipika ya laputopu yanu sinafe

Mwezi wathawu mtsikana wina wa ku yunivesite anafika kushopu kwanga nkhope ili ndwii, laputopu ili m'chikwama. Anati, "Achimwene, sipika yanga yaphulika, mundisinthire." Nditamufunsa kuti zinayamba liti, anayankha kuti kuyambira tsiku limene mnzake wa m'kalasi anamuikira Ubuntu, umene ndi mtundu wina wa Linux, pambali pa Windows kuti aziphunzirira kulemba mapulogalamu. Ndinayatsa makinawo, n'kusankha Windows, n'kuika nyimbo. Anamva mpaka amene amagulitsa zitumbuwa pakhonde. Kenako ndinazimitsa, n'kulowa mu Ubuntu, n'kuika nyimbo yomwe ija. Mawu ake anali ngati udzudzu watsekeredwa m'botolo.

Sipika yophulika sisankha. Ikang'ambika imalira moipa kulikonse, kaya mwalowa mu Windows kaya mu Linux. Ndiye mukaona kuti mbali imodzi zili bwino, ndalama zanu zisungeni, vuto lili m'mapulogalamu. Sikuludiraiva sidzakuthandizani.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi zimene zili m'kati. Pa bolodi ya laputopu pali kachipangizo kakang'ono kotchedwa codec, kamene kamasandutsa manambala a mu fayilo ya nyimbo kukhala magetsi okankha sipika. Ambiri mwa tizipangizoti ndi a kampani ya Realtek ya ku Taiwan, ndipo timadziwika ndi maina ngati ALC256, ALC269 kapena ALC287. Timalankhulana ndi kompyuta potsatira dongosolo la High Definition Audio limene Intel inakhazikitsa mu 2004. Dongosololo ndi limodzi, koma wopanga laputopu aliyense amalumikiza kachipangizoka mwa njira yake. Mwendo uwu wina amaupititsa ku sipika, wina ku mahedifoni, wina amausiya osagwiritsa ntchito. Pulogalamu imene imadziwa malumikizidwe amenewa ndi driver, ndipo musaganize za dalaivala wa minibasi, ngakhale kuti ntchito yawo ikufanana: onse amayenera kudziwa njira.

Kampani ikamapanga laputopu, imalembetsa driver ya Windows yogwirizana ndi mtundu umenewo basi. Pamwamba pake imaikaponso pulogalamu yokometsa mawu. Mwina munaonapo zilembo za Dolby Atmos, DTS, Waves MaxxAudio kapena Nahimic pa makina anu. Anthu ambiri amayesa ndi zokongoletsera chabe, pomwe mapulogalamu amenewa ndi amene amapangitsa kasipika kochepa ngati chala chamanthu, ka mphamvu ya mawati awiri okha, kumveka ngati wailesi. Amakweza mawu otsika, amapondereza okwera kwambiri kuti asang'ambike, ndipo amadula besi imene kasipikako sikangathe kuitulutsa. Akatswiri amakhala ndi laputopuyo m'chipinda choyezera mawu mpaka atapeza muyezo woyenera bokosi lakelo. Linux siilandira zonsezi. Imangotenga mawu monga alili mu fayilo n'kuwapereka ku sipika. Choncho kusiyana pang'ono pakati pa mbali ziwirizi ndi kwachibadwa, ndipo sikutanthauza kuti china chake chawonongeka.

Koma kusiyana kwa mtsikana uja sikunali kwapang'ono, ndipo chifukwa chake ndi chimene chikuvutitsa malaputopu ambiri a masiku ano. Makina opyapyala azaka zaposachedwazi amakhala ndi masipika anayi, awiri ang'onoang'ono a mawu okwera ndi awiri okulirapo a besi. Aakuluwo nthawi zambiri samayendetsedwa ndi codec ija mwachindunji. Amakhala ndi ampulifaya yawoyawo, kachipangizo kokuza mphamvu ya mawu, monga CS35L41 ya Cirrus Logic kapena TAS2781 ya Texas Instruments. Ampulifaya imeneyi ndi yochenjera: imayeza kutentha kwa sipika ndi mmene ikugwedezekera, n'kumaikankha mpaka pafupi ndi malire popanda kuiotcha. Kuti igwire ntchito, iyenera kudzutsidwa ndi driver yake, kupatsidwa firmware, kapulogalamu kamene kamayenda m'kati mwa ampulifayamo, ndi kuuzidwa kuti yamangirizidwa ku sipika yotani. Uthenga umenewu umayenera kukhala mu BIOS, pulogalamu ya pa bolodi imene imayamba kudzuka mukayatsa makina, koma opanga ena amausiya mu driver ya Windows yokha. Linux ikafika imapeza ampulifaya ili m'tulo. Zikatero amalira ndi masipika ang'onoang'ono okha, kapena onse amangoti zii.

Anthu olemba kernel, umene ndi mtima wa Linux, amathana ndi vutoli laputopu imodziimodzi. Muli mndandanda wautali zedi, umene kwa zaka zambiri unali mu fayilo yotchedwa patch_realtek.c, wonena kuti laputopu ya nambala yakutiyakuti ichitiridwe zakutizakuti. Wina akagula mtundu watsopano n'kupeza kuti sukumveka, amadandaula, wina amakonza, dzina limalowa m'ndandanda. N'chifukwa chake funso langa loyamba kwa munthu wa Linux limakhala lakuti kernel yanu ndi ya liti. Lembani uname -r mu terminal, kawindo kolembamo malamulo, ikuuzani. Ubuntu 22.04 inatuluka ndi kernel 5.15, pomwe Ubuntu 24.04 inatuluka ndi 6.8. Laputopu yopangidwa mu 2023 ikayendera 5.15, musadabwe kuti dzina lake mulibe m'kaundula. Mnzake wa mtsikana uja anagwiritsa ntchito fulashi yakale imene inangokhala m'dirowa, ndipo chiikireni Ubuntu, makinawo anali asanalandirepo update ngakhale imodzi chifukwa chodandaula bandulo. Ndikumvetsa, bandulo ndi ndalama. Komabe kusintha sipika yabwinobwino kukanamudyera zoposa pamenepo, mawu n'kukhalabe a udzudzu.

Musanafufute chilichonse, yesani ndi fulashi. Ikanimo Ubuntu yatsopano kapena Fedora, imenenso ndi mtundu wa Linux, yatsirani makinawo pa fulashipo osaika mu hadi disiki, muimbe nyimbo. Ikamveka bwino, mwadziwa kuti mankhwala ake ndi kernel yatsopano pamodzi ndi phukusi la linux-firmware. Malaputopu ambiri a Intel kuyambira cha mu 2019 amafunanso Sound Open Firmware, imene mu Ubuntu ndi Debian imatchedwa firmware-sof-signed. Ikasowa imeneyi, pamalo posankhira sipika pamangolembedwa kuti Dummy Output. Pa intaneti mupeza malangizo oti mulembe dsp_driver=1 kuti makina abwerere ku driver yakale. Nthawi zina sipika imadzukadi, koma maikolofoni ya m'kati imafa, ndiye mudzazindikira tsiku la msonkhano wa pa Zoom anzanu akukuuzani kuti sakukumvani.

Tsopano pali vuto lina limene ndi la makina a mbali ziwiri okha, ndipo limazunguza mutu chifukwa limabwera n'kumapita. Lero mawu alipo, mawa palibe, mkuja akuthetheka ngati mafuta m'chiwaya. Kawirikawiri mukafufuza mupeza kuti zimadalira mmene mwalowera. Mukakhala mu Windows n'kudina Restart kuti mupite ku Linux, magetsi sachoka kotheratu pa bolodi. Codec ija imakhalabe ndi malamulo amene driver ya Windows inaisiyira, ndipo driver ya Linux ikabwera imayesa kuti yapeza kachipangizo kongodzuka kumene. Zimachitikanso mobwerera. Ndipo pali ena amene zimawayendera mozondoka: mawu a mu Linux amamveka bwino pokhapokha akadzera mu Windows kaye, chifukwa Windows ndi imene yadzutsa ampulifaya. Chimenecho ndi chizindikiro chooneka bwino kuti kernel yawo sinaidziwe ampulifayayo.

Chowonjezera moto ndi Fast Startup, imene Microsoft inayambitsa ndi Windows 8 mu 2012 ndipo imabwera yoyatsa kale mu Windows 10 ndi 11. Mukadina Shut down, Windows sitseka zonse. Imasunga mmene kernel yake ndi madriver zinalili mu fayilo ya hiberfil.sys kuti mawa idzayake msanga. Mukalowa mu Linux pakatipo, Windows imadzabwerera n'kupitiriza pamene inalekezera, osadziwa kuti m'nyumba munagona mlendo amene wasuntha mipando. Kwa aliyense amene ali ndi Windows ndi Linux pa makina amodzi, ine ndimathimitsa Fast Startup osafunsa n'komwe. Pitani ku Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, dinani Change settings that are currently unavailable, ndipo chotsani kachizindikiro pa Turn on fast startup. Phindu lina ndi lakuti Linux imasiya kukana kulemba pa mbali ya disiki ya Windows. Kuyambira pamenepo, mukafuna kusintha mbali, zimitsani kotheratu, werengani mpaka 10, muyatsenso. Mawu akakanirirabe, zulani tchaja, gwirani batani loyatsira kwa masekondi 30 kapena 40 makina ali chizimire, kenako yatsani.

Zambiri zimathera pa zazing'ono kuposa zimenezi. Mu Linux mawu amadutsa m'zipata ziwiri. Pansi pali ALSA, imene ili m'kati mwa kernel. Pamwamba pali PulseAudio kapena PipeWire. PipeWire ndi imene Fedora inayamba kuyendetsera mawu pa mtundu wa 34 mu 2021 ndipo Ubuntu inatsatira pa 22.10. Kampukutu ka voliyumu kamene mumakaona pakona ya sikirini ndi ka pamwamba, ndipo kakhoza kukhala pa 100 pomwe pansi patsekedwa theka. Lembani alsamixer mu terminal, dinani F6 kuti musankhe khadi lenileni la mawu, muone mizati yolembedwa Master, Speaker ndi PCM. Umene uli pansi ukwezeni. Umene pansi pake palembedwa MM ndi wotsekedwa, dinani M. Onaninso Auto-Mute Mode, imene imathimitsa sipika ikaganiza kuti mwalowetsa mahedifoni. Kabowo ka mahedifoni kakadzaza fumbi, makina amanamizidwa kuti muli pulagi. Mukamaliza lembani sudo alsactl store kuti zisungike. Pamalaputopu ena a masipika anayi, miyendo ya codec yopita ku besi imakhala yosalumikizidwa m'maso mwa Linux, ndipo pulogalamu ya hdajackretask, ya m'phukusi la alsa-tools-gui, imatha kuilumikiza. Imeneyo musaisewere mwachisawawa. Pezani kaye amene anachitapo pa mtundu weniweni wa laputopu yanu.

Nanga ngati mbali yonong'onayo ndi Windows? Zimachitika kwambiri ndi malaputopu a kaunjika ndi amene aikidwa Windows mwatsopano pokonza malo a Linux. Tsegulani Device Manager, muone pa Sound, video and game controllers. Mukapeza palembedwa High Definition Audio Device chabe, dziwani kuti mukuyendera driver wamba ya Microsoft, imene imatulutsa mawu koma siidziwa zokometsera za makina anu. Tengani driver pa tsamba la kampani imene inapanga laputopuyo, pofufuza ndi nambala ya mtundu yolembedwa kunsi kwake. Mapulogalamu aja olonjeza kukupezerani madriver onse ndi kudina kamodzi ndimadana nawo, chifukwa ndawaona akuika driver ya laputopu ina n'kubweretsanso zinyalala zotsatsa malonda. Mu Sound Control Panel mulinso tsamba la Communications, limene mwachibadwa limatsitsa mawu ena ndi 80 peresenti Windows ikaganiza kuti muli pa foni. Sankhani Do nothing. Ngati driver yanu ili ndi tsamba la Enhancements, Loudness Equalization imathandiza pa mafilimu amene anthu amalankhula motsitsa.

Chimene ndimachenjeza nacho kwambiri ndi kukweza voliyumu kupyola 100. Ubuntu imalola kufika cha pa 150, pavucontrol mpaka 153, VLC nayonso imalola kupyola. Pa lekichala yojambulidwa motsika kwambiri, palibe cholakwika. Koma nyimbo zambiri zamakono zimajambulidwa zili kale pamalire, ndipo mukakwezanso, nsonga za mafunde a mawu zimadulidwa. Ndiko kuthetheka kumene mumamva kuja. Mawu oterowo amatenthetsa kawaya kopyapyala kozungulira m'kati mwa sipika, ndipo ampulifaya yoteteza ija ikakhala kuti sikugwira ntchito bwino, palibe woletsa. Kuti khutu limve ngati mawu awirikiza kawiri pamafunika pafupifupi ma decibel 10 pa muyezo wa kukwera kwa mawu, kutanthauza mphamvu yochuluka kakhumi, ndipo kasipika ka mawati awiri kalibe kokaitenga. Njira yabwino ndi kutsanzira zimene Dolby imachita ku Windows. Ikani EasyEffects, imene imagwira ntchito ndi PipeWire. Dulani besi ya pansi pa 150 Hz kapena cha pomwepo, ikani compressor kuti mawu otsika akwere, ndi limiter kumapeto kuti nsonga zisapyole. Sizidzafanana ndendende ndi Windows, koma filimu mudzaimva popanda kuika khutu pa kiyibodi.

Mawu akakhala otsika mbali zonse ziwiri, komanso pa fulashi ija, pamenepo ndiye timatenga sikuludiraiva. Choyamba ndimaona timabowo ta sipika, chifukwa fumbi la mu Okutobala likasakanikirana ndi thukuta la m'manja limamata ngati phala. Mswachi wofewa, wouma, umachotsa. Singano ayi, mudzaboola sipika. Lowetsaninso mahedifoni: akamamveka bwino pomwe sipika ikulira ngati pepala, codec ndi yamoyo, changong'ambika ndi sipika kapena kawaya kake kasomoka, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Laputopu ya mtsikana uja sindinaitsegule. Tinathimitsa Fast Startup, tinailumikiza ku Wi-Fi ya pashopu, inakoka kernel yatsopano ndi firmware, ndipo titaizimitsa n'kuyatsanso, masipika a besi anadzuka. Anandifunsa kuti alipire zingati. Ndinamuuza za bandulo yokha, ndi kuti akauze mnzake uja akonzenso fulashi yake asanaikire wina.