Udindo wa Wopanga Mankhwala Suthera Pamsika

Kwa nthawi yaitali anthu akhala akuganiza kuti kampani yopanga mankhwala a m'mafakitale kapena ophera tizilombo ikangogulitsa katundu wake, zonse zotsatira zimagwera wogula. Maganizo amenewa ndi olakwika. Ndondomeko ya Responsible Care, imene makampani a ku Canada anakhazikitsa mu 1985, mpweya wapoizoni wochokera kufakitale ya mankhwala ophera tizilombo utangopha anthu zikwizikwi ku Bhopal, India, mu 1984, imafuna kuti wopanga azisamala za mankhwala ake powapanga, powanyamula, powagwiritsa ntchito, mpaka potaya zotsala. N'chifukwa chake kampani iyenera kulemba malangizo omveka pachigubu ndi kuphunzitsa alimi kutsuka chigubucho katatu ndi kuchiboola mankhwala akatha, kuti munthu asadzatungiremo madzi akumwa.