Msika wa pa intaneti umauza boma zomwe mwagulitsa, koma phindu lanu sudziwa

Pa ntchito yanga yowerengera anthu misonkho, masiku ano kukubwera anthu a mtundu wina: ogulitsa tinthu pa eBay, Etsy, Vinted kapena Amazon. Amafika mtima uli m'mwamba, foni ili m'manja, kundionetsa uthenga wochokera ku kampani ya msikawo wowapempha nambala ya msonkho, tsiku lobadwa ndi adiresi. Ena amaganiza kuti kwabwera msonkho watsopano. Ena amati, "Ine si wabizinesi, ndimangogulitsa mwa apo ndi apo, nanga boma likundifuniranji?"

Msonkho watsopano palibe. Lamulo loti wopeza phindu pa malonda azipereka msonkho ndi lakalekale, intaneti inalipeza. Chomwe chasintha n'chakuti boma layamba kuona malo omwe kale kunali mdima.

Mu 2020 bungwe la mayiko loona za chuma la OECD linatulutsa ndondomeko yoti makampani oyendetsa misika ya pa intaneti azipereka malipoti a ogulitsa awo ku mabungwe otolera misonkho. Mayiko a mu European Union anaisandutsa lamulo lotchedwa DAC7, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2023. Dziko la Britain linatsatira pa 1 Januwale 2024. Malinga ndi malamulowa, wogulitsa katundu samulemba mu lipoti pokhapokha ngati pa chaka wagulitsa kosafika ka 30 komanso ndalama zake sizinapose mayuro 2,000. Mawu oti "komanso" ndi ofunika kwambiri pamenepa. Mukagulitsa timalaya 35 totchipa, mwalowa mu lipoti. Mukagulitsa chinthu chimodzi cha mayuro 2,500, mwalowanso.

Ku America kuli fomu yotchedwa 1099-K, yomwe imatumizidwa kwa wogulitsa ndi ku boma kuonetsa ndalama zomwe wagulitsa, ndipo mbiri yake ndi yozunguza mutu. Kwa zaka zambiri inkatumizidwa kwa amene wagulitsa zoposa madola 20,000 pa malonda opitirira 200. Mu 2021 lamulo linatsitsa malirewo kufika pa madola 600, koma bungwe lotolera misonkho la IRS linazengereza kangapo kuliyamba, ndipo mu 2025 aphungu anabweza malire akale aja.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonekera, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono. Manambala onsewa ndi malire a lipoti. Akuuza kampani ya msika nthawi yomwe iyenera kutchula dzina lanu ku boma. Sakunena kanthu za nthawi yomwe inuyo muyenera kupereka msonkho. Taonani ku America komweko: fomu ija imabwera pa madola 20,000, koma munthu wodzilemba yekha ntchito akangopeza phindu la madola 400 pa chaka, ayenera kale kulemba mafomu ndi kupereka msonkho wa odzilemba okha ntchito. Ku Britain, ndalama zolowa za geni zikaposa mapaundi 1,000 pa chaka cha msonkho, munthu ayenera kudziwitsa bungwe lotolera misonkho la HMRC, kaya msika wamutchula kaya ayi. Ndiye alipo ambiri omwe dzina lawo silinapite kulikonse koma ali ndi ngongole ya msonkho, ndiponso alipo omwe dzina lawo lapita koma sayenera kupereka kalikonse.

Chomwe chimasiyanitsa magulu awiriwa ndi funso limodzi: kodi mukuchita malonda, kapena mukungochotsa katundu wanu wakale? Mayi amene wagulitsa njinga yomwe mwana wake waikulira, pa mtengo wotsika kuposa womwe anagulira, sanapeze phindu, ndipo palibe choti adulidwe. Koma mayi yemweyo akaona kuti njinga za ana zikuyenda malonda, n'kuyamba kugula zakale, kuzikonza, kuzipenta n'kumaziika pa msika mwezi ndi mwezi, walowa bizinesi ngakhale alibe sitolo kapena chikwangwani. Akuluakulu a msonkho amayang'ana zinthu zingapo: cholinga chomwe munagulira chinthucho, kuchuluka kwa maulendo omwe mumagulitsa, nthawi yomwe katundu amakhala m'manja mwanu, ndiponso ngati mumamukonza kuti akwere mtengo. Palibe chimodzi mwa izi chomwe chimagamula chokha. Ine ndimafunsa munthu funso lachidule: katundu amene mwagulitsa akatha, mumakaoda wina? Akayankha kuti inde, nkhani yatha.

Katundu wanuwanu nayenso ali ndi potsekera. Chinthu chamtengo wapatali, monga chithunzi chojambula pamanja kapena mphete yagolide ya makolo, chikagulidwa pa mtengo woposa womwe chinabwerera, mayiko ambiri amadula msonkho pa kukwera kwa mtengoko. Ku Britain nkhaniyi imayamba chinthu chikagulitsidwa pa mapaundi oposa 6,000.

Tsopano tibwere pa nambala yomwe imaopseza anthu, ya ndalama zonse zomwe msika ukuti mwagulitsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyerekeze kuti pa 100 iliyonse yomwe ogula analipira, 55 inali mpamba wooderera katundu, 12 inatengedwa ndi msika ngati komishoni, 10 inapita ku mtengo wotumizira, 3 ku makatoni ndi tepi, ndipo 5 munabweza kwa ogula omwe sanakhutire. Chotsala ndi 15, ndipo msonkho wa phindu uyenera kuwerengedwa pa 15 imeneyo. Koma fomu ya 1099-K imaonetsa 100 yonse, osachotsera komishoni kapena zobweza. Malipoti a ku Ulaya amachitako bwino chifukwa amaonetsa komishoni payokha, miyezi itatu iliyonse. Ngakhale zili choncho, palibe msika ndi umodzi womwe umene umadziwa kuti katunduyo munamugula ndalama zingati. 55 ija imadziwika ndi inu nokha, ndipo bungwe la msonkho silikhulupirira mawu apakamwa. Likafunsa limafuna malisiti. Wopanda malisiti akhoza kukanizidwa kuchotsera ndalama zomwe anawonongadi, n'kulipira msonkho pa ndalama zomwe sizinakhalepo m'thumba mwake.

Ndinathandizapo bambo wina wogulitsa zipangizo za makamera akale. Malonda ake anali aukhondo, munthu wachilungamo ndithu, koma katundu yense ankagula ndi ndalama zapamanja kwa anthu wamba osalemba paliponse. Tinatha masabata tikufufuza mauthenga akale m'foni mwake kuti tipeze umboni wa mitengo. Zina tinazipeza, zina zinapita. Kabuku kamodzi kolembamo tsiku, chinthu ndi mtengo kakanamupulumutsa ku zonsezo.

Chifukwa chake malangizo anga ndi osasangalatsa kumva koma ndi otchipa. Ndalama za malonda zikhale ndi akaunti yakeyake, zisasakanikirane ndi za pakhomo. Mwezi uliwonse tsitsani lipoti la malonda anu kuchokera pa msika n'kulisunga kwanu, chifukwa akaunti ikatsekedwa mwadzidzidzi, kupeza mbiri yake kumavuta. Lisiti lililonse lijambuleni tsiku lomwelo, inki ya malisiti a pamakina sichedwa kufufutika. Za nthawi yosungira, dziko lililonse lili ndi lamulo lake. Ku Britain wodzilemba yekha ntchito amasunga zaka 5 kuchokera pa 31 Januwale yemwe anayenera kupereka mafomu. Ndipo pa phindu lililonse patulani kagawo ka msonkho musanadye, poti wolembedwa ntchito amadulidwa asanalandire, pomwe inu palibe wokudulirani.

Msonkho wina ndi wa pa mtengo wa katundu, VAT kapena sales tax. Umenewu amalipira ndi wogula, wogulitsa amangoutolera. Ogulitsa ang'onoang'ono ambiri safika pa malire olembetsera VAT. Ku Britain malirewo ndi mapaundi 90,000 kuyambira Epulo 2024. Komanso maboma aona kuti n'kosavuta kugwira kampani imodzi yaikulu kusiyana ndi kuthamangitsa ogulitsa miyandamiyanda. Khoti lalikulu la ku America litagamula mlandu wa chigawo cha South Dakota ndi kampani yogulitsa pa intaneti ya Wayfair mu 2018, maboma a zigawo anayamba kulamula misika kuti izitolera yokha msonkhowu. Ku European Union, kuyambira pa 1 Julayi 2021 anathetsa mwayi woti katundu wochokera kunja wosaposa mayuro 22 azilowa wopanda VAT, ndipo pa katundu wochokera kunja wosaposa mayuro 150 wogulidwa kudzera pa msika, msikawo ndi umene umaonedwa ngati wogulitsa pa nkhani ya VAT.

Vuto ndi loti anthu akaona mzere wolembedwa kuti msonkho wadulidwa pa lipoti lawo, amapuma n'kumati zonse zatha. Sizinathe. Zomwe msika watolera pamenepo ndi msonkho wa wogula. Wa phindu lanu udakali pa inu. Kuli mayiko, monga India, komwe msika umadula kagawo kakang'ono ka ndalama za wogulitsa n'kutumiza ku boma m'dzina lake, koma nakonso ndi chikole chabe. Muyenerabe kulemba mafomu a chaka, ndipo ngati anadula zochuluka, njira yozibwezera ndi mafomu omwewo.

Nanga amene wagulitsa zaka zingapo osanena kanthu? Anthu otere amabwera kwa ine akunong'ona, ngati apalamula mlandu wakupha. Kawirikawiri ngongole yake imakhala yaing'ono kuposa mantha ake, makamaka tikachotsera zonse zomwe anawononga. Mabungwe ambiri a msonkho, kuphatikizapo HMRC, amachepetsa chindapusa kwa munthu amene wadziulula yekha asanalandire kalata yomufunsa. Kalata ikafika kaye, mwayi umenewo umachepa, ndipo chiwongoladzanja chimakhala chikuwerengedwa kuyambira tsiku lomwe msonkho unayenera kulipidwa. Poti misika ya ku Ulaya imatumiza malipoti ake pofika pa 31 Januwale chaka chilichonse, ndipo imakupatsani inunso kope la zomwe yatumiza, yambani ndi kope limenelo: liikeni pambali pa kabuku kanu, muone ngati manambala akugwirizana musanalembe fomu iliyonse.