Msilikali wobwera ku Burma akakhala mboni m'nkhani yopeka

Pali mtundu wa nkhani zopeka umene ndimalakalaka alembi athu atauyesa, ndiwo wa nkhani yofufuza mlandu yochitika m'masiku a atsamunda, momwe mboni yaikulu ndi munthu amene anabwera ku nkhondo thupi lili bwinobwino koma maganizo atavulala. Ntchito yanga kuno ku Mchinji ndi yothandiza anthu ovutika maganizo, ndipo ndikufuna kufotokoza mmene vutoli limakhalira, popeza wolemba akalilakwitsa, mlandu wonse wa m'nkhaniyo sumveka.

Mbiri yake tili nayo pakhomo pomwe. Boma la Mchinji linkatchedwa Fort Manning, ndipo anyamata ambiri a dziko lino analowa usilikali wa King's African Rifles, umene makolo athu ankautcha Keyala. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu ankaitchula kuti ya Chiwaya, ena anagwira mfuti ndipo ochuluka zedi anasenza katundu monga amtengatenga. Pa nkhondo yachiwiri anamenya ku Ethiopia mu 1941, kenaka m'nkhalango za ku Burma mu 1944. Atabwerako, panalibe amene anawafunsa za tulo tawo.

Vuto limene madokotala a ku Britain analitcha shell shock mu 1915 linadzalandira dzina loti PTSD mu 1980, kutanthauza kuvutika maganizo kobwera munthu atakumana ndi zoopsa. Munthu amene anaona imfa pafupi amatha kukhala ngati ngoziyo siinathe: amalota zoopsa, amadzidzimuka ndi kaphokoso kochepa, amapewa chilichonse chomukumbutsa, ndipo nthawi zina zakalezo zimamubwerera masana ngati zikuchitika pompo. Taganizirani bambo ali pakhonde mwezi wa Okutobala, anyamata atatentha tchire posaka mbewa, nsungwi n'kuyamba kuphulika pamoto. Anzake akupitiriza bawo, iye wagwa kale chafufumimba kuseri kwa nkhokwe, thukuta lili kamukamu, manja akufufuza mfuti imene anaibweza kalekale. Sikuti akuchita kusankha. Thupi linaphunzira kuti phokoso lotere ndi imfa, ndipo limathamanga nzeru zisanaweruze.

Apa ndi pamene nkhani yofufuza mlandu imapeza nyama yake. Zimene munthu anaona ali ndi mantha aakulu kawirikawiri sizisungika mwandondomeko. Amakumbukira fungo la utsi, kulira kwa chitseko, mtundu wa malaya, koma n'kulephera kunena chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Tsono ngati mtembo wapezeka m'dambo mu 1946, ndipo amene anadutsa pamenepo usikuwo ndi msilikali wakaleyu, wapolisi wofufuza ali ndi mboni imene sikunama koma imasakaniza usiku wa dzana ndi usiku wa ku Burma. Ntchito ya wofufuza, pamodzi ndi wowerenga, ndi kupeta umboniwo mpaka za kudambo zipatuke ndi za kunkhondo. Kukhala chete kwa msilikaliyo nakonso kumasokeretsa, chifukwa anthu amayesa kuti akubisa mlandu pamene iye akuthawa kukumbukira zina.

Cholakwa chimene ndimachiopa kwambiri ndicho kumusandutsa wamisala wolusa, kenaka n'kuulula kumapeto kuti wakupha ndi iyeyo. Njira imeneyo ndi yaulesi, komanso imanamizira odwala, pakuti ambiri mwa iwo sachitira anzawo chiwawa. Amadzipatula, amasowa tulo, ndipo ena amathawira ku kachasu. Wina angakhale wovina mganda wodziwika, gule amene mayendedwe ake anachokera ku perete wa asilikali, n'kumaguba mokondwa masana pabwalo, usiku osagona.

Wolemba asamalenso pakamwa pa anthu ake. Pa Fort Manning mu 1946 panalibe akanatchula PTSD. Mkazi wake akanati bambo anabwera ena, apongozi akanati analodzedwa, nyakwawa ikanati mizimu ya amene anafera kutali ikumutsata, ndipo akanapita naye kwa sing'anga asanaganize za chipatala. Wofufuza wa m'nkhaniyo ayenera kumva zonsezi monga munthu wa nthawi yake, ndipo mwina chimene chingamutsegulire mlandu ndi kuzindikira kuti bamboyu amayankha bwino akamufunsa akulima limodzi kumunda, osati atamuimika chilili mu ofesi ya bwana DC.