Phala la mwana lisamayenderere pa sipuni: zomwe magulu a kadyedwe kabwino amaphunzira m'mudzi

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 ku Malawi ndi opinimbira. Ambiri mwa ana amenewa sagona ndi njala. Amadya ndithu, koma chomwe amadya ndi phala la madzimadzi la ufa woyera, m'mawa, masana ndi madzulo. Kamimba ka mwana n'kakang'ono. Kakadzaza ndi madzi, mwana amakhuta thupi lisanalandire kanthu.

N'chifukwa chake maphunziro a kadyedwe m'magulu a amayi, omwe ambiri amawatchula kuti makeya gulupu, amachitikira pa mafuwa. Mlangizi wa zaumoyo kapena mayi wotsogolera gulu amauza aliyense kuti abwere ndi chomwe chili pakhomo pake: wina mgaiwa, wina nsinjiro, wina usipa kapena bonya, wina nkhwani, bonongwe kapena mfutso. Zogula kusitolo sizifunika. Onse amaphika pamodzi, n'kudyetsa ana pomwepo.

Kaphikidwe kake nkaka. Gwiritsani ntchito mgaiwa, chifukwa kukonola ndi kuviika chimanga kumachotsa zambiri zofunika m'thupi. Ngati muli ndi soya, mukazingeni kaye, kenako sakanizani makapu 4 a chimanga ndi kapu imodzi ya soya musanapite kuchigayo. Umenewu ndiwo muyezo wa Likuni Phala. Phala likamapsa, thirani nsinjiro, ufa wa usipa wosinja ndi mitu yomwe, masamba osinja, ndi kasipuni ka mafuta ophikira. Dzira nalo limalowa bwino. Mukatapa n'kupendeketsa sipuni, phalalo lizikakamira, lisamayenderere. Mtedza wa nsinjiro muziusankha, wachuku ndi wofota mutaye, chifukwa chuku chili ndi poizoni wowononga chiwindi.

Mbale imodzi yotere yatenga kale magulu anayi kapena asanu mwa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zamafuta ndi zipatso. Lotsalalo mumalizire ndi nthochi, papaya, mango kapena malambe, malinga ndi nyengo.

Mwana ayamwe mwakathithi miyezi 6 yoyamba, osamupatsa ngakhale madzi. Kuyambira miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku. Kuyambira miyezi 9 mpaka 23 adye katatu kapena kanayi, ndi tina totolatola pakati. Kuyamwa kupitirire mpaka zaka ziwiri kapena kupitirirapo. Akhale ndi kambale kakekake, apo ayi akuluakulu ake am'thera ndiwo iye akali kuseweretsa mbamu yoyamba. Sambani m'manja ndi sopo musanaphike komanso musanam'dyetse.

Chinanso chomwe makolo amaphunzira ndi kuyeza mwana okha. Tepi yoyezera kukula kwa mkono, yotchedwa MUAC, imakulungidwa pakati pa phewa ndi chigongono cha mwana wa miyezi 6 mpaka 59. Ikasonyeza zobiriwira, ali bwino. Chikasu, kutanthauza masentimita 11.5 mpaka 12.5, ndiye kuti wayamba kunyentchera, kaonaneni ndi mlangizi. Zofiira, pansi pa masentimita 11.5, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Dinikizaninso pamwamba pa mapazi onse awiri ndi zala zazikulu kwa masekondi atatu. Pakatsala maenje, mwana watupikana. Pano mpomwe ambiri amasokera, poganiza kuti mwana wanenepa kapena kuti ndi tsempho, n'kutaya masiku akufunafuna mankhwala a zitsamba. Kutupikana ndi matenda a kusowa kwa zakudya m'thupi ndipo kumachizika kuchipatala. Chiponde chomwe mungalandire kumeneko ndi mankhwala a mwana wodwalayo, si chogawana banja lonse, si chogulitsa.

Mayi woyembekezera awonjezere chakudya kamodzi pa tsiku, woyamwitsa kawiri, ndipo amwe mankhwala owonjezera magazi omwe amalandira kusikelo. Tiyi asamwere pamodzi ndi chakudya, amalepheretsa thupi kutenga ayironi, yemwe amathandiza kupanga magazi. Phala lomweli limathandizanso agogo amene mano anatha, ndi odwala TB kapena amene ali pa ma ARV.

Abambo ndi agogo aakazi azibwera nawo ku gulu, poti kawirikawiri ndi iwo amene amalamula ngati mazira adyedwe kapena agulitsidwe. Tsiku lomwe gulu la m'mudzi mwanu limakumana mukafunse kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kusikelo ya ana.