Tsunami singafike ku Area 25, koma chivomezi chimafika

Chivomezi chachikulu chikangochitika kunja foni yanga siyipuma, poti anthu amadziwa kuti ntchito yanga ndi ya miyala ndi zapansi pa nthaka. Pomwe kunagwedezeka ku Kamchatka ku Russia kumapeto kwa July 2025, cha mphamvu ya 8.8 pa sikelo yoyezera zivomezi, azakhali anga aku Area 25 anaimba m'mawa weniweni ati mwanawe, pa gulupu ya mpingo akuti madzi akubwera, nde tithawire kuti? Mantha awo ndinawamva chifukwa ma video amene amazungulira pa WhatsApp aja ngoopsadi, nde ndati ndifotokoze pano mmene ndinawafotokozera iwo.

Nthaka tikupondayi si chimwala chimodzi ayi, ndi zigamba zikuluzikulu zomwe ife timati ma plate, ndipo zimayenda pang'onopang'ono, masentimita ochepa pa chaka, ngati mmene zimakulira zikhadabo. Pansi pa nyanja zina, makamaka kuzungulira Pacific, chigamba china chimalowa kunsi kwa chinzake koma sichilowa bwinobwino, chimakodwa, nde chapamwamba chija chimapindika kwa zaka mahandiredi ngati nsungwi ya msampha wa mbewa, tsiku lofwamphuka pansi pa nyanja pamatukuka mamita angapo pa kanthawi kochepa, ndipo madzi onse a pamwamba pake, kuya kwake makilomita, amatukuka nawo. Tsunami imabadwira pamenepo. Nchifukwa chake si chivomezi chilichonse cha m'nyanja chimabweretsa tsunami, ngati miyala yangokhulana cham'mbali osatukula pansi, kapena chachitikira pansi kwambiri, nthawi zambiri madzi sasuntha kwenikweni.

Pakati pa nyanja funde lake limathamanga ngati ndege, makilomita 700 kapena 800 pa ola, koma ndi lalifupi moti a m'sitima mwina sangalizindikire nkomwe. Likafika kosaya limachepetsa liwiro nkuunjikana, ndipo silibwera limodzi, lachiwiri kapena lachitatu limatha kuposa loyamba, apa mpamene amafera anthu obwerera kukatenga katundu.

Pa 26 December 2004 chivomezi cha 9.1 kufupi ndi Sumatra ku Indonesia chinapha anthu pafupifupi 230,000 m'mayiko oposa 10, ndipo madzi anawoloka Indian Ocean yonse mpaka kudzapha anthu ku Somalia, Kenya ndi Tanzania patapita maola ambiri. Chimandipweteka mpaka lero nchakuti nthawi yochenjeza anthu kuno ku Africa inalipo yambiri, koma nyanja imeneyi inalibe dongosolo lochenjezera, linadzakhazikitsidwa pambuyo pake. Pomwe pa chilumba cha Simeulue, pafupi penipeni ndi pomwe chinayambira, anafa anthu ochepa kwambiri chifukwa agogo awo anawasiyira nkhani ya tsunami ya 1907, yomwe amaitcha smong, kuti nthaka ikagwedezeka nyanja nkuphwera thawirani kumtunda. Analibe makina aliwonse, anangomvera akuluakulu. Inu amene muli ndi abale ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban auzeni zimenezi, nyanja ikabwerera m'mbuyo modabwitsa asapite kukatola nsomba.

Funso lina limene ndimafunsidwa nkuti kodi zivomezi zachuluka masiku ano eti? Ayi. Pa chaka dziko lonse limakhala ndi zivomezi pafupifupi 15 za 7 kupita m'mwamba, ndipo cha 8 chimabwera pafupifupi kamodzi pa chaka, zaka zina zambiri zaka zina zochepa. Chachikulu koposa chomwe chinayezedwapo ndi cha ku Chile mu 1960, cha 9.5, agogo athu sanachione pa foni basi. Zomwe zachuluka ndi makina oyezera ndi ma bundle. Komanso manambalawa asamakupusitseni, kuchoka pa 6 kufika pa 7 mphamvu yake imakula pafupifupi ka 32, nde cha 9 ngati cha ku Japan pa 11 March 2011 chimaposa cha 6 kambirimbiri, maulendo oposa 30,000.

Tsono azakhali ndinawauza kuti Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, madzi amenewo sangakwere mpaka kuno. Koma ndinawafunsanso ngati akukumbukira March 1989. Anati ee, mbale zinalira m'kabati. Chimenecho chinali cha ku Salima, chongopitirira 6 pang'ono, chinapha anthu 9 ndipo ena masauzande ambiri anasowa pogona. Mu December 2009 Karonga inagwedezeka kangapo milungu yotsatizana, chachikulu chinafika 6.0, nyumba zambiri zinagwa. Ife tili mu Rift Valley, pomwe Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, nyanja ya Malawi yomwe timakasambako ku Senga Bay ili m'chigwa chobwera ndi kung'ambika komweko, ndipo mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100, uli kuseri kwa Dedza konkuno osati ku Russia. Palibe munthu angakuuzeni tsiku lomwe udzasunthe, a Geological Survey ku Zomba amayeza zikachitika koma kulosera tsiku palibe dziko lomwe limatha, nde uthenga wonena kuti Lachisanu kugwedezeka musamautumize kwa ena chonde.

Chimene chimandisowetsa tulo ine ndikamadutsa ku Mtandire, Mgona kaya Area 36 ndi makoma, njerwa zomangira matope, khoma lalitali lopanda ring beam (lamba wa konkire ndi zitsulo womanga makoma pamodzi pamwamba), mpanda wa njerwa imodzi wopanda mapilala ana akusewera m'munsi mwake. Pa chivomezi ngati cha Salima chimapha munthu ndi khoma lomugwera. Ndikudziwa simenti yadula zedi ndipo sindikunyoza aliyense, koma ngati mukumanga ndipo ndalama yachepa, bola muchedwetse matailosi ndi siling'i koma ring beam ikhalepo, makona alumikizane bwino, ndipo mmisiri akanena kuti tidumphe zimenezo mukane. Zikayamba kugwedezeka muli m'nyumba lowani kunsi kwa tebulo lolimba mugwire mwendo wake, muli panja talikirani mpanda ndi mawaya a magetsi. Azakhali ndinawapempha asunthe bedi la adzukulu lomwe linagunda khoma long'aluka lija, ndipo Loweruka ndikupita ndi mmisiri kukaliona.