Mtolankhani amene anatchedwa wabodza chifukwa cha khansa ya pulezidenti Cleveland

M'chaka cha 1885, nyuzipepala za ku America zinkalemba pafupifupi tsiku lililonse za matenda a Ulysses Grant, mtsogoleri wakale wa dzikolo, amene khansa inamugwira kukhosi, cha kutsinde kwa lilime. Anamwalira mu Julaye chaka chomwecho, ndipo owerenga ambiri anangoti khansa yotere ikakugwira, kwatha basi.

Patatha zaka 8, pulezidenti Grover Cleveland anamva kachilonda kokhakhala kumwamba kwa m'kamwa mwake, cha kumanzere. Madokotala anati chichotsedwe msanga. Koma nthawiyo chuma cha dzikolo chinali chitagwa, mabanki akutsekedwa, ndipo Cleveland ankaopa kuti anthu akamva zoti mtsogoleri ali ndi nthenda ngati ya Grant, zinthu zifika poipa. Choncho pa 1 Julaye 1893 opaleshoni inachitikira mobisa m'boti la mnzake lotchedwa Oneida, likuyenda pamadzi kufupi ndi New York. Dr. Joseph Bryant ndi anzake anachotsa mano asanu ndi mbali ya nsagwada yakumtunda. Zonsezi anachita podzera m'kamwa, osang'amba tsaya, osameta ngakhale ndevu zake zapamlomo. Pambuyo pake anamuikira nsagwada ya labala kuti azilankhula bwino. Atolankhani anauzidwa kuti bwana anangovutika ndi dzino.

Koma khoswe wapadenga anaulula wapadzala: dokotala wa mano amene anali m'botimo, Ferdinand Hasbrouck, analephera kusunga pakamwa. Nkhani inamupeza mtolankhani E. J. Edwards, amene anailemba mu nyuzipepala ya Philadelphia Press pa 29 Ogasiti. Akuluakulu a boma anakana kwamtuwagalu. Chomvetsa chisoni n'chakuti amene anamunyoza kwambiri Edwards anali atolankhani anzake, makamaka nyuzipepala ya Philadelphia Times, yomwe mkonzi wake anali bwenzi la Cleveland. Dzina la Edwards linaipa, ndipo anthu anakhulupirira za dzino zija.

Ine ndimaona kuti amene analuza kwambiri pamenepa ndi owerenga. Cleveland anakhala ndi moyo zaka zina 15, mpaka 1908, ndipo khansayo siinabwerenso. Anthu omwewo amene anawerenga za imfa ya Grant akanamva kuti chotupa cha m'kamwa chikachotsedwa msanga munthu amatha kuchira. Sanamve, poti nkhaniyo inakwiriridwa dala.

Mu 1917, Dr. W. W. Keen, mmodzi mwa madokotala aja, anafotokoza zonse m'magazini ya Saturday Evening Post, ndipo anavomereza kuti Edwards sananame. Apa n'kuti patapita zaka 24. Chotupacho chimasungidwa m'botolo ku Mütter Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale zachipatala mumzinda wa Philadelphia, ndipo akatswiri atachiunikanso patapita zaka zambiri anapeza kuti inali verrucous carcinoma, khansa yokula pang'onopang'ono imene kawirikawiri siifalikira m'thupi.